Masitepe atatu pakhomo la malo oimbira

Loweruka lina mlamu wanga anandiimbira foni kundiuza kuti bandi imene tonse awiri timaikonda idzaimba pamalo ena azisangalalo mumzinda muno, ndipo ndisanafunse za ndalama yolowera ndinafunsa zimene ndimafunsa nthawi zonse: kodi pakhomopo pali masitepe angati? Ndakhala ndikuyenda pa njinga ya olumala kwa zaka zisanu ndi zinayi, kuchokera pamene ndinavulala msana pa ngozi ya pamsewu, ndipo ngoziyo sinandichotsere chikondi changa pa kulira kwa gitala ndi ng'oma. Mlamuyo anayankha kuti masitepe alipo atatu okha, ndipo anawonjezera kuti ndisadandaule chifukwa anyamata a pachipata ndi amphamvu.

Amene amadziwa Zomba akudziwa chifukwa chake masitepe ali paliponse. Mzinda wathu unamangidwa m'tsinde mwa phiri, mvula imagwa yambiri, ndipo madzi amatsika mwamphamvu kulowera ku Mulunguzi ndi ku Likangala, kotero amisiri anazolowera kukweza maziko a nyumba ndi kukumba ngalande zakuya m'mbali mwa misewu. Nyumba zambiri za pakati pa tawuni ndi za nthawi ya atsamunda, pamene Zomba linali likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo amene anazimangawo sankaganiza n'komwe za munthu woyenda pa njinga kapena wa ndodo. Zakalezo ndimazimvetsa. Chimene chimandipweteka mtima ndi mabala atsopano, a matailosi onyezimira ndi magetsi amitundumitundu, amene akumangidwa masiku ano ndi khonde lalitali lomwelo ngati kuti palibe chimene taphunzira.

Tinafika cha m'ma 7 koloko madzulo pa takisi, chifukwa kabaza sangandinyamule ndipo minibasi siikhala ndi malo oika njinga yanga, kutanthauza kuti ulendo wanga umakhala utadula kale ndisanagule ngakhale botolo limodzi. Pachipata mnyamata wina anandiyang'ana n'kutembenukira kwa mlamu wanga, n'kufunsa kuti, "Madalawa akulowanso?" Nditayankha ndekha kuti ndikulowa, anachita manyazi ndipo ananena mwaulemu kuti, "Pepani bambo, tikunyamulani, musadandaule." Anaitana anzake atatu, wina anagwira kutsogolo, ena m'mbali, ndipo anandikweza anthu onse a pamzere akuonerera.

Anyamatawo ndinawathokoza kuchokera pansi pa mtima, ndipo sindikuwaimba mlandu. Komabe kunyamulidwa si kulowa. Munthu wonyamulidwa amakhala atapereka thupi lake m'manja mwa anthu amene sakudziwa kuti zopondera mapazi za njinga zimazuka, kapena kuti msana wovulala sufuna kugwedezeka mwadzidzidzi. Choposa pamenepo, amene walowa monyamulidwa amatulukanso monyamulidwa, ndipo nthawi yotuluka imafika pamene ambiri mwa onyamula aja amwa kale. Ndikakhala mkati ndimaganizira za moto kapena ndewu, pamene aliyense amathamangira khomo limodzi, ndipo ndimadziwa kuti pa nthawi yotero palibe amene angakumbukire kuti pakona pali munthu amene sangatsike masitepe.

Nkhani imene anthu safuna kuikamba ndi ya chimbudzi, koma ndiyo imalamula kuti ndikhala maola angati. Pamalo aja chimbudzi chinali kuseri, kudutsa kanjira ka miyala koterera, ndipo chitseko chake chinali chopapatiza moti njinga yanga, imene m'lifupi mwake ndi masentimita pafupifupi 65, sinakanatha kulowa. Mnzanga wina woyenda ndi ndodo ziwiri amati iye amaopa kwambiri matailosi onyowa ndi mowa wotayika kuposa masitepe, chifukwa ndodo ikaterera palibe pogwira. Ambiri mwa ife tinaphunzira kusiya kumwa madzi kuyambira masana tikafuna kupita kokasangalala usiku, chinthu chimene ndi choopsa kwa munthu wovulala msana chifukwa chimabweretsa matenda a chikhodzodzo ndi impso. Usiku umenewo ndinagwira botolo limodzi la Green kwa maola awiri, ndikumwa pang'onopang'ono ngati mankhwala.

Kuona oimba kunalinso kovuta. Nyimbo zitakoma anthu anaimirira n'kudzaza kutsogolo kwa nsanja, ndipo ine ndinangotsala ndikuona misana ndi malamba. Kauntala nayo inali yaitali kupitirira mutu wanga, moti wogulitsa sankandiona mpaka mlamu wanga atandilankhulira.

Pali maganizo ena amene ndimakumana nawo kawirikawiri, ndipo ndikuona kuti ndiwo muzu wa zonsezi. Anthu amavomereza msanga kuti kuchipatala, kutchalitchi, kumzikiti ndi kubanki kukhale njira ya njinga, koma ukatchula bala amadabwa, ndipo ena amafunsa kuti munthu wolumala akukafunako chiyani usiku. Zili ngati tinapatsidwa chilolezo chodwala ndi chopemphera basi, koma chosangalala ayi. Pangano la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali, limene dziko la Malawi linavomereza mu 2009, lili ndi ndime 30 imene imanena za kutenga nawo mbali pa zachikhalidwe, zisangalalo ndi masewera, kuwonjezera pa ndime 9 yonena za kufikirika kwa malo. Tinakhala ndi lamulo la anthu aulumali la 2012, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano, limene linasintha bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Kalembera wa 2018, wochitidwa ndi nthambi yowerengera anthu imene likulu lake lili konkuno ku Zomba, anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Eni mabala akamati saona makasitomala olumala, chifukwa chake n'chakuti anthuwo anabwerera pachipata kalekale ndipo anauzana.

Kukonza zinthuzi sikufuna chuma cha boma. Njira yotsetsereka, imene amisiri amaitcha rampu, imayenera kutalika masentimita 12 pa sentimita iliyonse yokwera, kotero masitepe atatu a masentimita 15 lililonse amafuna njira yotalika pafupifupi mamita asanu ndi theka. Ndikutchula muyeso umenewu chifukwa ndaona marampu ambiri omangidwa mwachangu, otsetsereka ngati msewu wokwera ku Ku Chawe, amene munthu sangakwere yekha ndipo potsika akhoza kugubuduka. Chitseko cha chimbudzi chikhale cha masentimita 90 ndipo chizitsekukira kunja, mkati mukhale chitsulo chogwira ndi malo okwanira mita imodzi ndi theka otembenukira. Malo ochepa pambali pa nsanja, otchingidwa ndi chingwe chabe, ndi tebulo limodzi lalifupi zingathetse vuto la kuona ndi la kugula. Amene amakonza zoimbaimba angathandizenso polemba pa zikwangwani ndi pa Facebook ngati malowo ali ndi masitepe kapena ayi, kuti munthu asawononge ndalama ya takisi pachabe. Ndikanakondanso kuti khonsolo, popereka ziphaso za malo ogulitsira mowa, iziyang'ana khomo ndi chimbudzi monga momwe imayang'anira zaukhondo.

Ndisanachoke ndinapempha kuonana ndi mwini malowo, bambo wachikulire amene anandimvetsera modekha. Anati, "Achimwene, kunena zoona sindinaganizepo. Mmisiri anamanga, ine ndinangolipira." Ndinamulembera miyeso ija kuseri kwa risiti, ndipo anaipinda n'kuika m'thumba la malaya.

Nthawi itakwana 10 koloko thupi linandiuza kuti sindingapirirenso. Mlamu wanga anapita kukafuna anyamata aja, koma anapeza awiri okha, choncho iye ndi woyendetsa takisi anathandiza kunditsitsa. Pamene ankapinda njinga yanga kuti ilowe kumbuyo kwa galimoto, bandi inayamba nyimbo imene ndinabwera kudzamva, ndipo ndinapempha dalaivala kuti asalize injini mpaka ithe.