Khadi la munthu wonenepa

Makadi a zithunzi ophunzitsira Chingerezi savuta kukonza. Mumapempha makatoni a sopo kwa amagolosale ku Mpondabwino, n'kuwadula kukula ngati tsamba la kope kuti mwana wa kumbuyo kwenikweni aone. Chithunzi kutsogolo, liwu kuseri. Mukamata pepala ndi phala la chinangwa, yanikani liume gwa, apo ayi mphemvu zidya phunziro lonse usiku umodzi. Akumaphunziro ku Domasi amati TALULAR, kugwiritsa ntchito zomwe zili pafupi.

Ana anga a Sitandade 4, oposa 100, ndimawagawa khumikhumi. Ndikakweza khadi, gulu loyamba kutchula liwu lolondola limalandira chitsekerero cha botolo, ndipo pomaliza timawerenga zitsekererozo.

Tsiku lomwe a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale, anadzaonerera kaphunzitsidwe kanga, ahedi anakhala nawo pa benchi kumbuyo. Mawu anali "tall", "short", "thin" ndi "fat". Pa mawu otsutsana chonchi mumajambula munthu mmodzimodzi kawiri, wopanda zokometsera, n'kusintha chinthu chimodzi chokha, chifukwa mwana amatchula zomwe wazindikira, osati zomwe inu mukufuna. Koma ine, poona kuti inki yatsala, munthu wonenepa uja ndinamuwonjezera dazi, magalasi ndi tayi yofiira. Ndinkati akongole.

Makadi atatu oyamba anayenda bwino, a PEA akugwedeza mutu. Nditakweza lachinayi, kalasi yonse inakuwa pamodzi: "Ahedi!"

Thukuta kamukamu. "In English!" ndinatero, poganiza kuti ndathawa. Kamtsikana kena kamene sikanayankhepo chiyambire teremu kanaimirira, manja kumbuyo: "Headteacher!" Katchulidwe kake kosalala, kopanda pokonza. Gulu lake m'manja phwaphwaphwa.

Pofuna kuonetsa kuti yankho si limenelo, ndinatembenuza khadi. Kuseri kunali zilembo zikuluzikulu, zooneka bwino mpaka pa benchi paja monga ndinakonzera: FAT. Ana, omvera malamulo a masewero, anawerenga mokweza katatu. A PEA anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi, nkhope ataibisa m'faelo.

Ahedi ananyamuka pang'onopang'ono, n'kudzalanda khadi lija. Analiyang'ana nthawi yaitali, magalasi atawatsitsira pamphuno.

"Aphunzitsi, tayi yofiira ine ndilibe. Mwanayu mupatseni chitsekerero chake, inuyo tionane ku ofesi."

Teremu yonseyo woyang'anira zokolopa zimbudzi ndinali ine.