Mmene pepala langa loyamba linadutsira ku jenala

Pepala langali linabwezedwa kawiri lisanafike nkomwe kwa ma reviewer, akatswiri amene amaunika pepala lisanasindikizidwe. Jenala ya zaumoyo inati iyi ndi nkhani ya ulimi, nditatumiza ku ya zaulimi nawonso akuti ayi izi nzaumoyo. Planetary health, maphunziro a mmene kusintha kwa chilengedwe kumakhudzira umoyo wa anthu, imatero, chitulukireni lipoti la Rockefeller Foundation ndi Lancet mu 2015 aliyense amaitchula, koma ukagwira pepala m'manja umapezeka ulibe kwanu.

Ndinayambira pa zomwe Samuel Myers ndi anzake anapeza mu 2014, kuti tirigu ndi mpunga zikakulira mu carbon dioxide wochuluka, cha m'ma 550 ppm (magawo 550 pa miliyoni a mpweya), zinc, iron ndi protein zimatsika. Ine ndinatenga manambala a zakudya a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, kuti ndione amene adzavutike kwambiri ndi ndani, kungoti ndinathiramo zonse, chilala, mitengo ya zakudya, mpaka lipoti la EAT-Lancet la 2019 lonena za kadyedwe linalowamo. Supavaiza wanga anangolemba m'mbali ndi bolopeni yofiira, "funso lako ndi liti?" Zinandiwawa koma ndinadula mpaka kutsala zinc yekha.

Kachitatu sindinangoponya. Ndinawerenga kaye aims and scope, pomwe jenala imafotokoza nkhani zomwe imalandira, kenako kaimelo kakafupi kwa mkonzi kufunsa ngati mutuwu ungalowe, atavomera ndipamene ndinalemba cover letter, kuika ORCID, nambala yozindikiritsa wofufuza, kutumiza. Ndiye kudikiratu, miyezi ndithu, tsiku lililonse kutsegula portal kungoona "under review" yomweyo.

Yankho linabwera la major revision, kutanthauza kuti ndikonze zambiri, ndipo reviewer wachiwiri anagwira penipeni. Anati ma food balance sheet, manambala a FAO aja, amaonetsa chakudya chomwe chilipo m'dziko pa munthu aliyense, osati chomwe munthu wadyadi, ndiye mwana wa banja losauka ndi bwana amaoneka ngati akudya mofanana. Ndinakwiya masiku awiri, lachitatu ndinavomera kuti akunena zoona. Anandikumbutsanso kuti mbewu za C4 ngati chimanga ndi mapira sizitsika michere ngati tirigu, zomwe ndinazisakaniza mu tebulo limodzi. Ndinabwereza analysis yonse, nkupanga tebulo la mayankho, ndemanga yawo kumanzere, zomwe ndasintha ndi nambala ya mzere kumanja. Pawiri sindinagwirizane nawo, ndinakana mwaulemu ndi chifukwa chake ndipo sanalimbane nazo.

Atalilandira inabwera invoice ya open access, ndalama zolipira kuti aliyense awerenge pepalalo mwaulere, apa mpamene ndinadziwa kuti waiver, yoti akukhululukire ndalamazo, amapempha potumiza pepala osati pamapeto. Zinatengera maimelo anayi kuti andikhululukire.