Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kachisi wa pamadzi ku Miyajima

M'gawo lapitali ndinakusiyani ku Hiroshima. Kuchokera kumeneko ndinakwera sitima ya pamtunda pafupifupi theka la ola mpaka ku Miyajimaguchi, kenako boti mphindi 10 kuwolokera pachilumba cha Miyajima, pomwe pali kachisi wa Itsukushima, wa Chishinto, chipembedzo chamakolo cha ku Japan.

Musanagule tikiti, onani kaye ndandanda ya madzi a tsikulo. Nyanja yathu ya Malawi imakwera ndi mvula, koma iyi ndi yamchere, imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Madzi akapitirira masentimita 250, kachisi yense amaoneka ngati akuyandama. Akatsika osafika 100, mumayenda wapansi mpaka kukagwira chipata chofiira choima m'nyanja kutsogolo kwa kachisiyo, chotchedwa torii. Wofika pakati pa nthawi ziwirizi saona bwino chilichonse, n'chifukwa chake kugona konko usiku umodzi n'kwanzeru.

Chipata chilipochi n'cha 1875, chotalika mamita oposa 16, cholemera matani pafupifupi 60. Nsanamira zake sanazikumbire pansi ayi. Changokhala pamaziko ndi kulemera kwake, nsanamira ziwiri zikuluzikulu za mtengo wa camphor zitagwiriziridwa ndi zinayi zazing'ono, ndipo mumtanda wapamwamba anathiramo miyala kuti mafunde asachisunthe. Alendo ena amalowetsa makobidi m'ming'alu ya nsanamirazi pofuna mwayi. Musatero, mtengo umawonongeka.

Kachisiyo anamangidwa mmene akuonekeramu mu 1168 ndi Taira no Kiyomori, mtsogoleri wa asilikali wa nthawiyo, ndipo UNESCO inamulemba m'kaundula wake wa malo ofunika padziko lonse mu 1996. Chimene chinandigwira mtima ndi matabwa apansi m'makonde. Amisiri anasiya mipata pakati pake mwadala, kuti madzi akasefukira azitulukira m'mipatamo m'malo monyamula khonde lonse. Nsapato za gogoda zimatitimira momwemo, valani zafulati.

Polowa mumayamba mwasamba. Tengani chikho chamwendo ndi dzanja lamanja, tsukani lamanzere, sinthani mutsuke lamanja, kenako thirani madzi pachikhatho chamanzere muchukuche m'kamwa. Chikho chisakhudze milomo. Otsalawo muwatsetserekere kumwendo wa chikhocho poimiritsa. Zonsezi ndi madzi otunga kamodzi. Ambiri amawamaliza pa dzanja loyamba.

Pamalo opempherera eni ake amaponya kobidi m'bokosi, nthawi zambiri la mayeni 5, poti dzina lake, go-en, limamveka ngati mawu otanthauza ubale wabwino. Amawerama kawiri, kuwomba m'manja kawiri, kupempha chamumtima, n'kuweramanso kamodzi. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola, imani pambali mwaulemu, palibe amene angakukakamizeni.

Za mwayi zili pa omikuji, timapepala tolosera zam'tsogolo. Mumagwedeza bokosi mpaka kutuluke kamtengo ka nambala, ndipo nambalayo imakutengerani ku kabati komwe kuli pepala lanu. Likakhala labwino mumapita nalo, likakhala loipa mumalimangirira pamalo oikidwiratu kuti tsoka litsale pomwepo. M'misika ya pachilumbachi mulinso shamoji, chipande chomolera mpunga, chimene anthu amagula ngati chizindikiro cha chipambano.

Pepala lanulo lisungeni m'chikwama chotseka. Agwape a pachilumbachi saopa munthu ndipo amadya mapepala, kaya mapu, kaya tikiti yobwererera paboti. Kuwadyetsa n'koletsedwa.