Mulungu Akatseka Njira Imene Tinaikonzekera

M'tchalitchi cha All Saints kuno ku Nkhotakota muli manda a Bishopu Chauncy Maples, ndipo mbiri yake imandibwerera m'maganizo ndikamva mlaliki akulonjeza kuti munthu woyenda m'chifuniro cha Mulungu zinthu zimamuyendera monga momwe anakonzera. Maples anatumikira zaka zambiri mu mishoni ya UMCA, bungwe la amishonale a mpingo wa Anglican, ndipo mu 1895 anadzozedwa ku London kukhala bishopu wa Likoma. Akubwerera kudzayamba udindowo, mu September chaka chomwecho, bwato lake linagubuduzika ndi namondwe panyanja yathuyi, ndipo anamira asanafike ku Likoma. Sitima yotchedwa dzina lake inayamba kuyenda mu 1901, n'kumafikitsa uthenga, maphunziro ndi mankhwala kumidzi ya m'mbali mwa nyanja. Komabe sindinganene kuti sitimayo ndiyo chifukwa cha imfa yake, pakuti Mulungu sanatiuze choncho. Chimene ndikuona n'chakuti otsalawo analira maliro, koma ntchito sanaisiye ngakhale inasintha maonekedwe.

Pa Machitidwe 16 timawerenga kuti Mzimu Woyera analetsa Paulo ndi anzake kulalikira ku Asiya, ndipo atayesa kulowa ku Bituniya analetsedwanso. Chimene anafuna kuchita sichinali tchimo, anafuna kulalikira, koma anakanizidwa kawiri popanda kuuzidwa chifukwa. Chimandikhudza kwambiri n'chakuti sanakhale pansi kudikira kuti zonse zimveke kaye, koma anapitirira mpaka ku Trowa, ndipo kumeneko ndi kumene Paulo anaona masomphenya a munthu wa ku Makedoniya wopempha thandizo. Njira imene inatsegukayo inawafikitsa ku Filipi, kumene Lidiya anabatizidwa, komanso kumene Paulo ndi Sila anakwapulidwa n'kuponyedwa m'ndende. Choncho kukumana ndi zowawa sikutanthauza kuti munthu wasochera, monganso kuyenda bwino kwa zinthu sikutsimikizira kuti Mulungu wavomereza.

Ife a kunyanja sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, chifukwa msodzi aliyense amadziwa kuti angakonze bwato ndi makoka usiku wonse, koma mwera ukauka ulendo umasintha. Mabanja amene nyumba ndi minda yawo zinakokoloka ku Dwangwa mu 2024 sanasankhe kuyambiranso moyo, monganso mtsikana amene wakhoza bwino MSCE koma sanapeze malo kuyunivesite, kapena mphunzitsi amene wasamutsidwira kusukulu yakutali ana ake ali pakati pa teremu. Anthu otere sitiyenera kuwathamangira ndi mawu akuti zonse ndi chikonzero cha Mulungu misozi isanaume. Koma nthawi ikapita, Mkhristu ayenera kulimba mtima ndi kufunsa m'pemphero chimene Ambuye akufuna kuti achite pamalo pamene ali tsopano, m'malo mongopempha kuti zakale zibwerere.

Pali ngozi ina imene ndiyenera kuitchula, pakuti masiku ano achuluka aneneri amene amauza munthu kuti asiye ntchito, athetse banja kapena agulitse munda, akumati Mulungu walankhula nawo. Kukhala womasuka kutsogozedwa ndi Mulungu sikutengeka ndi mawu alionse. Yohane analemba kuti tiziyesa mizimu, ndipo ngakhale ku Antiokeya, Barnaba ndi Saulo anatumidwa mpingo utasala kudya ndi kupemphera pamodzi. Chifukwa chake munthu akamva mumtima kuti akuitanidwa kusintha chinthu chachikulu, ndimamulangiza kuti achiyese ndi Malemba, akambirane ndi mkazi kapena mwamuna wake, apite kwa abusa kapena akulu a mpingo amene amamudziwa bwino ndipo sadzapindula kanthu ndi chisankho chake, kenaka alole kuti papite masabata angapo akupemphera asanasainire kalata iliyonse kapena kulandira ndalama za munda.