Nyongolotsi za mu ubongo, mmene zinandiyendera kuchipatala

Khunyu ikakuyamba uli wamkulu kale usangolandira mapilitsi nkubwerera kunyumba, pempha sikani ya mutu. Ine zinayamba ndi mutu wosamva panado, kenako tsiku lina ndinangogwa nkudziluma lilime.

Adokotala ananditumiza ku makina ojambula mkati mwa mutu, koyamba CT scan, kenako MRI poti imaonetsa bwino. Pachithunzipo panali timatuza tozungulira, kena kali ndi kadontho koyera mkati, akuti umenewo ndiye mutu wa kachilomboko. Matendawa ndi neurocysticercosis, amabwera ndi nyongolotsi ya nkhumba ija amati Taenia solium. Ine kutsutsa, adokotala nkhumba sindidya ine. Iwo akuti nyama ya nkhumba yosapsa imakupatsa nyongolotsi ya m'matumbo basi, koma ya mu ubongo imabwera ukameza mazira ochokera m'chimbudzi cha munthu amene ali nayo m'mimba, kaya kudzera m'manja osasamba, madzi, kaya masamba osatsuka bwino. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati m'madera ambiri momwe nyongolotsiyi yafala, pafupifupi 30% ya odwala khunyu gwero lake ndi limeneli.

Apa ndiye pofunika kumvetsa. Sanathamangire kundipatsa mankhwala opha nyongolotsi ayi. Choyamba anali a khunyu, carbamazepine, kenako kukayezetsa maso, chifukwa kathuza kakakhala m'diso iwe nkumwa opha nyongolotsiwo ukhoza kuwononga diso. Ndiye kunabwera dexamethasone woletsa kutupa, albendazole wopha nyongolotsi anabwera pambuyo. Tizilomboti tikamafa ubongo umatupa, mutu umawawa kuposa kale ndipo ukhoza kugwanso, nchifukwa chake zongogula mankhwala a njoka zam'mimba nkumadzimwera wekha ndi kusewera ndi moyo.

Albendazole nthawi zambiri amamwa masiku 10 mpaka 14, pamodzi ndi chakudya chamafuta kuti alowe bwino m'thupi. Timatuza tamoyo tikapitirira 2 amawonjezera wina wopha nyongolotsi, praziquantel, koma tikakhala kuti tinafa kale nkuuma, opha nyongolotsi sapereka nkomwe. Dexamethasone uja abale, tulo kusowa, njala ngati sunadye chiyambire dzulo.

Apanyumba nawo anauzidwa kuti akayezetse chimbudzi, zochititsa manyazi inde koma gwero likhoza kukhala m'nyumba momwemo. Kuyendetsa galimoto, kusambira, kukhala pafupi ndi moto ndekha, zonse anandiletsa kaye. Sikani ina amajambula pakatha miyezi 6, yanga inaonetsa kuti timatuza tafota, koma a khunyu ndikumwabe mpaka adokotala adzanene okha kuti tiyambe kuchepetsa.