Masamu anandipeza mu wodi ya ana

Ndili ku sekondale masamu ndinkangowapirira kuti ndipeze kirediti pa MSCE, poti popanda imeneyo, pamodzi ndi ya Biology ndi Chingerezi, sukulu ya unamwino umangoimvera kwa anzako. Ndinkati ndikangolowa koleji ndiye kuti ndathana nawo. Kunali kudzinamiza.

Dzinja lapitali ndinali pa pulakitiko pa chipatala china m'boma la Nkhotakota, nthawi imene malungo amadzaza wodi ya ana mpaka awiri pa bedi limodzi. Cha m'ma 1 koloko usiku kunafika agogo ena ochokera kunyanja atabereka kamwana ka zaka ziwiri, kali lefu, thupi lotentha ngati mbaula. Kapimidwe ka magazi kanaonetsa mizere iwiri, kutanthauza malungo. Sikelo inati makilogalamu 12. A dokotala analemba artesunate, mankhwala obaya a malungo aakulu, ndipo a sisita anandipatsira cholembera: "Tawerengerani, achemwali, tione."

Ndinachita changu. Mamiligalamu 2.4 pa kilogalamu iliyonse, kuchulukitsa ndi 12, mamiligalamu 28.8. Ndinayankha ngati ndili m'kalasi, kudikira kuti andiyamikire. Iwo anangondiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Kodi mwanayu wafika makilogalamu 20?"

Mtima unangoti phwii. Mwana wosafika 20 amalandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, osati 2.4, choncho anafunika 36. Botolo la mankhwalawa limakhala ndi ufa wa mamiligalamu 60. Umasungunula ufawo ndi 1 ml ya madzi a bicarbonate, n'kuthirapo 5 ml ya saline, madzi a mchere a m'diripi, ndiye 1 ml iliyonse imakhala ndi mamiligalamu 10. Mu jakisoni muyenera kulowa 3.6 ml, kenako kubwereza pakatha maola 12, ndiponso pa maola 24. Zonsezi ndinazikhoza pa mayeso. Koma pa mayeso panalibe tulo, panalibenso agogo ondiyang'anitsitsa manja.

Kanula, kapaipi kolowetsa mumtsempha kodutsira mankhwala, ndiye anandichititsa manyazi kawiri. Mkono wa chidole umene timaphunzirira ku koleji sunjenjemera, ndipo mitsempha yake imachita kuonekera patali. Wa mwana wopanda madzi m'thupi umathawa. A sisita sanafune n'kuwala komwe: anapinda kadzanja, kusisita ndi chala chachikulu, kamodzi kokha basi magazi tuu m'kanula. Akuti zaka zake ndi zimenezo, palibe buku lake.

Chomwe sindinachiyembekeze n'chakuti ntchito yovuta inali patsiku lotuluka. Mwana atayamba kudya phala tinamupatsa LA, piritsi limodzi m'mawa, lina madzulo, masiku atatu. Agogo anandifunsa mwaulemu ndithu ngati angasungire mlongo wake otsalawo mwanayu akayamba kusewera. Mawu a m'mabuku onena za tizilombo tozolowera mankhwala sakanandithandiza pamenepo. Ndinati, "Agogo, mukapalira munda theka n'kuusiya, udzu umatani?" Anaseka, nati umabwerera ndi abale ake omwe. Tinawerengera limodzi mapiritsi asanu ndi limodzi, ine ndikulemba m'buku lake la kuchipatala.

Mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi akundidikira chaka chamawa, ndipo ndikuwerenga ndithu. Koma m'thumba la yunifomu tsopano mumakhala kakhadi komwe ndinadula pa katoni ya magolovesi. Pamwamba ndinalembapo ndi inki yofiira: wafika 20?