Lachiwiri: kuyika Placement pa OpenStack ndi kuyanjanitsa manambala ake

M'mawa

Ntchito ya lero inali kuyika Placement, kaundula wa zipangizo za maseva, pa cloud yapayokha yomwe ikumangidwa ndi OpenStack, gulu la mapulogalamu oyendetsera cloud. Keystone (yotsimikizira ogwiritsa ntchito) ndi Glance (yosunga ma image oyatsira makompyuta) zinali kale m'malo, MariaDB ndi Memcached zikuyenda pa seva yoyang'anira, yomwe pa netiweki imadziwika kuti controller. Nova, yomwe imayatsa ndi kuyendetsa ma VM (makompyuta ongoyerekezera oyenda mkati mwa seva), tinaisiyira masana dala. Kuyambira pa mtundu wa OpenStack wotchedwa Ocata mu 2017, nova-scheduler, gawo la Nova losankha poika VM, siisankha seva isanafunse Placement, choncho Placement ndiyo iyenera kutsogola.

Kwa amene simunaigwirepo, Placement ndi kaundula basi. Siiyatsa VM, siilankhula ndi hypervisor (pulogalamu yoyendetsa ma VM pa seva), ndipo RabbitMQ, yodutsitsa mauthenga pakati pa ma service, siyiigwiritsa ntchito n'komwe. Imangosunga m'database kuti seva yakuti ili ndi ma CPU angati, RAM yochuluka bwanji, disiki yaikulu bwanji, komanso kuti ndani watengapo zingati. Inayambira mkati mwa Nova pa Newton mu 2016, n'kudzakhala pulojekiti payokha pa Stein mu 2019. Malangizo amene amakuuzani kuyika nova-placement-api kapena kufunafuna matebulo ake mu database ya nova_api ndi a nthawi isanapatuke, musawatsate.

Tinayamba ndi database: CREATE DATABASE placement, kenako GRANT ALL PRIVILEGES kawiri, kwa 'placement'@'localhost' ndi kwa 'placement'@'%'. Pasiwedi tinaipanga ndi openssl rand -hex 10. Chifukwa chake n'chakuti pasiwediyo imakalowa mkati mwa URL yolumikizira database, ndipo chizindikiro ngati @ kapena / chimaidula URL pakati. Chizindikiro cha $ nachonso oslo.config imachiwerenga ngati chiyambi cha dzina la variable. Pasiwedi ya hex imakhala ndi manambala ndi zilembo a mpaka f zokha, palibe chokola.

Ku Keystone kunali kofulumira. Tinapanga user wotchedwa placement mu domain ya default, tinamupatsa role ya admin pa project ya service, tinalembetsa service ya mtundu wa placement, kenako ma endpoint (ma adiresi ofikira service) atatu, public, internal ndi admin, onse akuloza ku http://controller:8778. Dzina la region lilembedwe chimodzimodzi paliponse. RegionOne ndi regionOne ndi mayina awiri osiyana, ndipo nova-compute, gawo la Nova loyenda pa seva iliyonse ya ma VM, ikapatsidwa lolakwika imangonena kuti siikupeza endpoint ya Placement, pomwe endpointyo ilipo bwinobwino.

Phukusi lake pa Ubuntu ndi placement-api, pa banja la RHEL ndi openstack-placement-api. Mu /etc/placement/placement.conf zosintha zili m'zigawo zitatu zokha. Mu placement_database mumalemba connection = mysql+pymysql://placement:PASIWEDI@controller/placement. Mu api mumalemba auth_strategy = keystone. Mu keystone_authtoken mumalemba auth_url yoloza ku port 5000 ya Keystone, memcached_servers pa port 11211, auth_type = password, project_name = service, ma domain awiri, ya project ndi ya user, username ndi pasiwedi ya user wa ku Keystone, osati ya database. Kenako placement-manage db sync, yoyendetsedwa ndi user wa placement osati root, kuti mafayilo a log asakhale a root n'kudzakana kulembedwa pambuyo pake. Pomaliza kuyambitsanso Apache, chifukwa Placement ilibe daemon yakeyake, imayenda ngati WSGI pansi pa web server.

Kuyesa koyamba sikufuna token, chiphaso chimene Keystone imapereka kwa wopempha. Lamulo la curl http://controller:8778 limabweza JSON yonena min_version 1.0 ndi max_version, yomwe pa matulutsidwe a zaka zaposachedwazi ndi 1.39. Yankho likakhala lina, nambala yake imakulozerani pomwe pali vuto. 403 pa khomo lenilenili nthawi zambiri ndi Apache, osati Placement: Apache 2.4 imakana kuyendetsa script ya m'foda yomwe sinaloledwe, ndipo mankhwala ake n'kuwonjezera chigawo cha Directory cha /usr/bin chokhala ndi Require all granted mu fayilo ya virtual host. 503 pa pempho lokhala ndi token kawirikawiri imatanthauza kuti Placement yalephera kudzitsimikizira yokha ku Keystone, ndiye onaninso pasiwedi ya mu keystone_authtoken. 401 ndi token ya wopemphayo, ndipo ikamabwera mwa apo ndi apo onani ngati chrony ikugwirizanitsa mawotchi a maseva onse.

Lamulo la placement-status upgrade check linabweza Success pa mizere yonse. Tinayikanso osc-placement, yomwe imawonjezera malamulo a resource provider (seva yopereka zipangizo), resource class (mtundu wa chipangizo) ndi trait (chizindikiro cha zomwe seva ili nazo) ku openstack client. Apa pali kamsampha: pempho lopita ku API lopanda header ya OpenStack-API-Version limatengedwa ngati la 1.0, ndipo pa 1.0 kulibe ma trait, kulibenso allocation candidates, mndandanda wa maseva okhala ndi malo okwanira pempho. Mndandanda wa ma resource class umafuna 1.2, ma trait 1.6, allocation candidates 1.10. Mukaona uthenga wodandaula za version, onjezerani --os-placement-api-version pa lamulolo.

Kufika apa nthawi ya nkhomaliro inali isanakwane, ndipo kaundulayo anali wopanda kanthu.

Masana

Placement siituluka kukawerenga yokha zipangizo. Amene amalemba ndi nova-compute, ikangoyaka, kenako pafupifupi masekondi 60 aliwonse. Choncho chigawo cha placement mu nova.conf chiyenera kudzazidwa pa controller komanso pa compute node iliyonse, ndi region_name, auth_url, project_name, username ndi password. Titayatsa nova-compute pa seva yoyamba, openstack resource provider list inaonetsa mzere umodzi, dzina lake likufanana ndi hostname ya hypervisor. Kuoneka mu Placement sikutanthauza kuti seva yakonzeka kulandira VM. Iyenera kulowanso mu cell, gulu la maseva mu Nova, ndi nova-manage cell_v2 discover_hosts, apo ayi scheduler idzaisankha koma kumanga VM kudzalephera.

Gawo lalikulu la tsiku linathera pa inventory. Provider aliyense amakhala ndi mzere wa VCPU, wa MEMORY_MB ndi wa DISK_GB, ndipo mzere uliwonse uli ndi total, reserved, min_unit, max_unit, step_size ndi allocation_ratio. Malo amene Placement imaona kuti alipo imawapeza pochotsa reserved pa total, n'kuchulukitsa zotsalazo ndi allocation_ratio. Palibenso china chimene imayang'ana. Siidziwa ngati purosesa ikutentha ndi ntchito kapena yangokhala.

Tengani seva ya ma core 32 yokhala ndi hyperthreading ndi RAM ya 256 GB. Libvirt, yomwe Nova imalankhulira nayo hypervisor, imawerenga ma thread, ndiye total ya VCPU ndi 64. Mukasunga 4 ndi reserved_host_cpus n'kuika ratio ya 4.0, mumapeza ma VCPU 240. Flavor (kukula kwa VM kosankhidwa) ya ma vCPU 4 ndi RAM ya 16 GB ingalowe ka 60 mukawerengera CPU yokha. Koma ku RAM, mukasungira seva yeniyeniyo 16384 MB pa ratio ya 1.0, papepala pamatsala malo a ma VM 15. Zenizeni zake ndi 14, chifukwa total imene kernel imanena imachepera 262144 MB, firmware ndi kernel zitatengako kale gawo. Pa seva yotere anthu amalimbana ndi ratio ya CPU pomwe chotseka njira ndi RAM.

Nambala ya reserved_host_memory_mb imabwera ili 512. Pa seva yeniyeni n'njochepa kwambiri. QEMU, pulogalamu yoyendetsa VM iliyonse, imadya RAM yoposa imene flavor ikunena, Open vSwitch ili ndi gawo lake, ndipo ngati pa seva yomweyo pali ma OSD a Ceph (ma process oyang'anira madisiki mu Ceph, njira yosungira deta pa maseva ambiri), iliyonse imafuna ma GB angapo. Mukasiya 512, Placement imagawa RAM yomwe kulibe, tsiku lina OOM killer ya Linux, yomwe imapha process RAM ikatha, n'kusankha process yaikulu kuposa zonse, yomwe nthawi zambiri imakhala VM ya munthu wina.

Ma ratio nawo ali ndi nkhani yake. Kwa zaka zambiri Nova inkabwera ndi 16.0 pa CPU ndi 1.5 pa RAM. Kuyambira pa 2023.1 manambala oyambira anatsika kufika 4.0 ndi 1.0, kutanthauza kuti maseva awiri ofanana, ina yolembetsedwa kale ina yatsopano, angathe kukhala ndi malo osiyana kwambiri m'kaundula yemweyo. Ndipo mu nova.conf muli mitundu iwiri ya zosankhazi. Initial_cpu_allocation_ratio imagwira ntchito kamodzi kokha, provider akamalembedwa koyamba, ndipo pambuyo pake mutha kusintha nambalayo kudzera mu API n'kukhazikika. Cpu_allocation_ratio ikalembedwa imapondereza chilichonse: mukasintha kudzera mu API, pakangopita mphindi imodzi nova-compute imabwezera ya mu fayilo. Sankhani njira imodzi. Ife tinasankha fayilo, chifukwa imasungidwa mu git ndipo aliyense angaone amene anasintha ndi tsiku lake. Njira ya API ndi yabwino pokhapokha ngati pali pulogalamu yoyendetsa ma ratio pa maseva ambiri nthawi imodzi.

Max_unit imaiwalika kawirikawiri. Pa VCPU imafanana ndi total, ndiye flavor ya ma vCPU 96 siilowa pa seva ya ma thread 64 ngakhale ratio itakhala 16.0 ndipo sevayo ilibe VM ndi imodzi yomwe.

Chenjezo kwa osintha pamanja: openstack resource provider inventory set imalemba inventory yonse mwatsopano, mizere yomwe simunatchule imafufutika, pokhapokha mutawonjezera --amend. Lamulo la trait set limachitanso chimodzimodzi ndi ma trait. Ma trait a purosesa ngati HW_CPU_X86_AVX2 nova-compute imawabwezeretsa yokha, koma anu oyamba ndi CUSTOM_ sabwerera. Tinapanga CUSTOM_SSD, tinauika pa seva ya ma SSD, ndipo pa flavor tinalemba trait:CUSTOM_SSD=required.

Madzulo

VM yoyesera inayaka. Lamulo la openstack resource provider allocation show pa UUID ya VM linaonetsa VCPU, MEMORY_MB ndi DISK_GB zofanana ndi flavor, ndipo usage show pa provider inakwera ndi manambala omwewo. Titaifufuta VM, zinabwerera pa ziro.

Kenako tinapempha dala flavor yosakwana. Wogwiritsa ntchito amangoona No valid host was found, uthenga womwe suuza munthu chilichonse. Funso loyamba n'lakuti wakana ndani, Placement kapena ma filter a Nova. Log ya nova-scheduler ikanena kuti sinalandire allocation candidates, ma filter sanafikidwe n'komwe, ndipo kuwafufuza n'kutaya nthawi. Pamenepo yendetsani openstack allocation candidate list ndi --resource VCPU=4 --resource MEMORY_MB=16384 --resource DISK_GB=40, muzichotsa chimodzichimodzi mpaka mndandanda utabwera. Chomwe mwachotsa komaliza ndicho chatha. Onaninso ngati provider alibe trait ya COMPUTE_STATUS_DISABLED, imene Nova imaika pa seva yomwe service yake yazimitsidwa.

Ma 409 Conflict apo ndi apo mu log asakuopseni. Provider aliyense ali ndi nambala ya generation imene imakwera akasinthidwa, ndipo awiri akalemba nthawi imodzi wachiwiri amakanidwa n'kuyesanso. Ndi mmene Placement imapewera kugawa RAM yomweyo kawiri popanda kutseka database yonse. Ovuta ndi 409 osatha pa nova-compute yomwe ikulephera kupanga provider. Izi zimachitika seva ikayikidwanso mwatsopano ndi hostname yakale pomwe provider wakale akadalipo: dzina ndi lomwelo, UUID ndi ina, ndipo mayina awiri ofanana saloledwa. Musanayikenso seva, samutsani ma VM n'kufufuta service yake ndi openstack compute service delete. Kuyambira pa 2023.1 Nova imasunga UUID ya node mu fayilo ya compute_id pansi pa /var/lib/nova, ndiye fayiloyo muziisamala. Hostname ya compute node yomwe ili ndi ma VM musaisinthe.

Kaundula amathanso kusiyana ndi zenizeni popanda amene wamukhudza. Pa resize kapena migration, malo amasungidwa mbali zonse ziwiri: VM imatenga a seva yatsopano, ndipo a seva yakale amalembedwa pa UUID ya migration mpaka mutatsimikiza. Zikasokonekera pakati, allocation (malo olembedwa kuti atengedwa) yamasiye imatsala, seva n'kumaoneka yodzaza ilibe kanthu. Lamulo la nova-manage placement audit limapeza zoterezi, ndipo limafufuta pokhapokha mutalipatsa --delete. La heal_allocations limakonza mbali inayo, ma VM amene akuyenda koma alibe allocation. Yambani ndi --dry-run. Kulowa m'matebulo a MariaDB n'kumafufuta mizere pamanja kumadumpha ma generation aja, musayese.

Chomwe chatsala osathetsedwa ndi DISK_GB. Ma disiki a ma VM akakhala pa Ceph, compute node iliyonse imalemba kukula kwa Ceph yonse ngati disiki yakeyake. Maseva khumi pa Ceph ya 100 TB amaoneka ngati ali ndi 1000 TB, ndipo Placement idzapitiriza kuvomera ma VM Ceph itadzaza. Malire a disiki tiziwatenga ku ceph df ndi ma quota, osati ku usage show.

Mawa tiyika Placement pa ma controller ena awiri kumbuyo kwa HAProxy, yogawa mapempho pakati pa maseva. Popeza zonse imasunga m'database, kwatsala kukopera placement.conf, kulozetsa connection ku adiresi ya Galera (MariaDB yoyenda pa maseva angapo limodzi), ndi kusintha ma endpoint atatu aja ku Keystone kuti aloze ku VIP, adiresi imodzi yoimira ma controller onse, pa port 8778. Backup ya database ya placement izitengedwa nthawi imodzi ndi ya nova ndi nova_api, chifukwa mukadzabwezeretsa za nthawi zosiyana, ma allocation sadzagwirizana ndi ma VM omwe Nova ikuwadziwa.